Uchi wa ku Joni Unandigoneka Masiku Anayi

Ndivomere msanga, ena asatope ndi kundiloza chala: zonsezi ndinayambitsa ndine. Palibe anandipatsa, palibe anandinyengerera, ndipo mfiti sinalowemo m'nkhaniyi ngakhale anthu a m'komboni mwathu ku Kapata anayesetsa kuikokeramo. Chikwama cha alamu anga ndinatsegula ndekha, ndi dzanja lomwe ndikulemberali. Dzina langa ndi Masauso, ndili ndi zaka 17, ndili giledi 11. Adokotala amene anandithandiza ndiwo anati ndilembe zimene zinandichitikira kuti anzanga awerenge. Anati ndilembe mwaulemu. Ndiyesetsa.

Alamu angawo ndi a Tembo, amuna a asisi Veronika. Amayendetsa thiraki ulendo wa ku Joni, ndipo akabwera amakhala m'kanyumba ka kuseri, m'yadi mwathu momwemo. Kwathu kuno mlamu ndi munthu wosewera naye. Ukamubisira nsapato sayenera kukwiya, akakwiya anthu amaseka iyeyo. Ine ufulu umenewu sindinkauchitira ulesi. Ndinawasokerapo miyendo ya buluku tsiku lopita ku ukwati. Ndinawaikirapo kulira kwa mbuzi m'foni, foniyo n'kulira pa Misa nthawi imene tchalitchi chonse chili chete. Iwo ankabweza pondiitana kuti “bwana giledi” ndi kundituma madzi pamaso pa atsikana. Tinkakhala bwino ndithu.

Mwezi wa Julayi anabwera ndi kabotolo kagalasi kosaposa bokosi la machesi, kotsekera kakuda, kopanda cholembedwa chilichonse. M'katimo munali zinthu zooneka ngati uchi wakale, zolimba, zoti ukapendeketsa kabotolo zimatenga nthawi kuti zisunthe. Akamaotha dzuwa pakhonde ankatapa pang'ono ndi nsonga ya kamtengo ka machesi, n'kubweza kabotoloko m'thumba la mkati la chikwama. Nditafunsa anandiyankha monyada.

“Uwu ndi uchi wa ku Joni, mlamu. Njuchi zake zimadya maluwa a azungu. Si wa ana a sukulu. Ukaugwira ndikudula zala.”

Munthu wondidziwa bwino sangandiuze mawu otere.

Maganizo amene anandibwerera anali okoma, mpaka lero ndimawasirira. Ndinati ndichotse uchiwo, ndiikemo shuga wowotcha wosakaniza ndi timafuta tophikira, ndiwasiye alamu azinyambita shuga wa pa kantemba sabata yathunthu uku akutama njuchi za ku Joni. Kenako ndidzaulule Lamlungu lotsatira anthu onse ali pamphasa. Lamlungu masana, iwo atapita kukatsukitsa thiraki, ndinagwira ntchitoyo pa mbaula ya amayi. Mtundu unafanana bwinobwino. Uchi weniweniwo ndinaukokotera m'kabotolo kakale ka mafuta odzola.

Lolemba m'mawa ndinanyamula kabotolo kanga kupita nako ku sukulu. Pa geti ndinagula vitumbuwa vitatu kwa Amake Tisa, mayi wamasiye wa m'komboni mwathu amene wakhala akugulitsa pamenepo kuyambira ndisanayambe giledi 8. Ndinazembera kuseri kwa kalasi, n'kupaka uchiwo ndi kasupuni ka tiyi. Unali wowawa, wonunkha ngati udzu wongotchetcha kumene, ndipo unamatirira kumwamba kwa kamwa. Ndinaganiza kuti zinthu zodula ndi mmene zimakomera. Ndinamaliza vitumbuwa vyonse vitatu, pafupifupi supuni yodzaza. Nthawi inali isanakwane seveni koloko. Sindinamve chilichonse, ndipo ndinalowa m'kalasi ndikuwamvera chisoni alamu chifukwa chowononga ndalama.

Chizindikiro choyamba chinabwera cha m'ma naini, pa phunziro la masamu. M'kamwa munauma gwa, lilime ngati chiguduli. Kenako kulira kwa choko pa bolodi kunayamba kumveka ngati kukuchokera m'mutu mwanga. Ndinayang'ana dzanja langa lili pa desiki, linkaoneka la munthu wina, ndipo ndinayamba kuseka osadziwa chimene ndikuseka. Kusekako sikunakhalitse. Mtima unayamba kuthamanga kwambiri moti shati inkagwedezeka. Ndinatuluka thukuta ngakhale kunali kozizira. Ndinakweza dzanja n'kuuza aphunzitsi athu, a Jere, kuti ndikufa.

Apa ndiyenera kunena chilungamo chowakomera a Jere. Ndili giledi 9 ndinakomokapo dala pothawa mayeso, mpaka anandithira madzi ndowa yathunthu. Choncho tsiku limeneli anangoti, “Ukafere panja, Masauso, koma ugwade,” kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Ndinagwada pakhonde mwina theka la ola. Kwa ine zinali ngati tsiku lonse. Ndinkaona kuti aliyense wodutsa akudziwa chinsinsi changa ndipo akupita kukaitana anthu oti andimenye. Miyendo inasiya kundimvera. Ndinasanza kawiri, n'kugwa chammbali, mutu n'kugunda simenti. Pamenepo m'pamene anakhulupirira.

Ndikukumbukira nkhope ya ahedi itandiweramira, ikukula ndi kuchepa. Anandifunsa chimene ndinadya m'mawawo. Ndinayankha mawu amodzi okha: vitumbuwa. Sindinafune kunama. Uchi sunabwere n'komwe m'maganizo mwanga, chifukwa uchi sudwalitsa munthu, komanso panali patapita maola oposa awiri chiudyereni. Mawu amodzi amenewo ndiwo anawononga zinthu, kuposa supuni ija.

Ananditengera ku kiliniki pa njinga yonyamula anthu, mnyamata wa giledi 12 atandigwirira kumbuyo. Kumeneko anandibaya chala kuyeza malungo, sanawapeze. Anayeza mtima kawiri, nesi n'kuyang'ana mnzake, kenako analemba kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu. Amayi anatipeza tikukwera galimoto, atasiya tomato wawo pa msika osaphimba n'komwe.

Za ku chipatala tsiku loyambalo ndimazikumbukira zidutswazidutswa. Anandiika pa mpando wa matayala. Tinadikira pa benchi, amayi akukangana ndi anthu a pamzere kuti mwana wawo alowe msanga. Anandiyeza shuga, anandiwunika m'maso ndi tochi, anandifunsa dzina langa ndi tsiku. Dzina ndinalidziwa, tsiku linandisowa. Maso anali ofiira ngati ndagwa m'tsabola. Anandiika diripu pa dzanja lamanzere, anandibaya jakisoni woletsa kusanza, n'kundigoneka m'wodi ya amuna, pa bedi la pafupi ndi khomo pamene amagoneka anthu ofunika kuwayang'anitsitsa. Nesi ankabwera pafupipafupi kudzayeza mtima ndi kulemba pa pepala la kumiyendo kwa bedi. Ndinkagona, n'kudzidzimuka ndi mantha oti ndaiwala kupuma. Anthu amene amati chamba chimangoseketsa sanagonepo pa bedi limenelo. Ine ndinalira, ndinaitana amayi ngati mwana wa chaka chimodzi, ndipo ndinapempha kuti aitane abambo mfumu adzandidzoze. Ndalemba dala zimenezi kuti anzanga asavutike kuzifukula.

Poti ndinali nditatchula chakudya, madokotala anayamba kuganizira za poizoni, mankhwala a makoswe kapena opopera thonje. Koma zizindikiro sizinkagwirizana. Anati munthu womwa zimenezo amatuluka dovu ndipo timaso timachepa, pamene ine m'kamwa munali mouma. Lachiwiri m'mawa mtima unali utatsikako koma ndinali wosokonezekabe, wolephera kuyenda mowongoka kupita ku chimbudzi, ndipo mutu unkapweteka pamene ndinagunda paja. Ndinamva adokotala akuuza amayi kuti ngati sindisintha pofika mawa lake, adzatenga madzi a pamsana kuti aone ngati si matenda a mu ubongo. Abambo a pa bedi loyandikana nalo, amene anathyoka mwendo pogwa pa ngolo, anandifotokozera kutalika kwa singano yake ndi manja awiri. Ndikuganiza kuti anawonjezera, koma zinandithandiza kuganiza.

Lachiwiri lomwelo masana, pa nthawi yoona odwala, kunabwera asisi ndi alamu atanyamula nthochi ndi maheu. Alamu anadikira mpaka asisi ndi amayi atatuluka kukatsuka mbale, n'kusendeza mpando pafupi.

“Mlamu, shuga wako ndamuona,” anatero chapansipansi. “Unadya wochuluka bwanji?”

“Supuni.”

“Supuni yanji?”

“Ya tiyi. Yodzaza.”

Anagwira mutu ndi manja onse awiri. Sindinawaonepo nkhope yotero, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaseka, chifukwa nkhope imeneyo ndi imene ndinkaifuna kuyambira pachiyambi.

“Tamvera, bwana giledi. Zimenezo zimatha zokha, mawa udzakhala bwino. Koma usatchule. Aja ndi mafuta a chamba. Ukangotchula, ine ndende, ntchito yatha, mlongo wako azidya chiyani? Iwe ungoti vitumbuwa basi. Vitumbuwa savimanga.”

Umu ndi mmene ndinadziwira chimene ndinadya, tsiku lathunthu ndi theka chidyereni. Alamu anali atadziwa kuyambira Lolemba madzulo pamene analawa shuga wanga. Anagona tulo akudziwa, ine ndili pa diripu, madokotala akufunafuna mumdima.

Ndikanatha kukhala chete, ndipo ndinatsala pang'ono kutero. Ine si kazitape. Ku sukulu ndakwapulidwapo kangapo m'malo mwa anzanga osatchula dzina la munthu. Koma amayi atabwerako anayamba kufotokozera asisi nkhani za kunyumba, akuganiza kuti ndagona. Anati ana a sukulu atamva kuti Masauso wadyetsedwa poizoni anakhuthulira pansi ndowa ya Amake Tisa n'kupondaponda vitumbuwa. Ahedi anawaletsa kugulitsa pa geti. Anyamata ena anaponya miyala pa malata a nyumba yawo, ndipo apolisi anali ataitana mayiwo kuti akaonekere Lachinayi. Mwana wawo Tisa, wa giledi 8, anali atasiya kubwera ku sukulu. Amayi ankafotokoza zimenezi mokhutira. Iwo ndi Amake Tisa anakanganapo chaka chatha ku Mphakati wa tchalitchi pa nkhani ya amene aziphikira alendo, ndipo amayi anali atapeza umboni umene ankausowa.

“Ndinkanena ine,” anatero amayi. “Mkazi uja mwamuna wake anafa bwanji? Lero wafuna mwana wanga.”

Alamu anali pompo, akusenda nthochi. Anati, “Anthu ndi oipa, amayi.”

Mawu amenewo ndiwo anandidzutsa. Masewera ali ndi malamulo ake, ngakhale aphunzitsi sakhulupirira. Amene wasewera naye ndiye alire, osati munthu wongodutsa. Amake Tisa anandipatsapo vitumbuwa vyaulere kangapo ndikawaseketsa, ndipo bizinesi ya pa geti ija ndiyo munda wawo, alibe wina. Vitumbuwa savimanga, zoona, koma ankafuna kumanga mwini wake.

Lachitatu m'mawa adokotala anabwera kuzungulira m'wodi, mayi wamtali wovala magalasi, nesi akukankha kathebulo ka mafayilo pambuyo pawo. Atafika pa bedi langa ndinati ndili ndi mawu. Anafunsa ngati ndikufuna kuti amayi atuluke kaye. Ndinati ayi, akhale, chifukwa iwo ndiwo ayenera kumva kwambiri. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mbaula mpaka pa supuni. Amayi anakhala pansi pa simenti. Adokotala sanakalipe. Anangofunsa kuti zotsalazo zili kuti. Ndinati zili m'chikwama changa cha sukulu, m'kabotolo ka mafuta odzola. Chikwamacho mnzanga wina anakachitula kunyumba Lolemba, ndipo chinali pa msomali masiku onsewo, m'chipinda chimene mwana wa asisi wa zaka ziwiri amaseweramo. Asisi, amene analipo m'mawawo, anathamanga kukachitenga.

Adokotala atatsegula kabotoloko ananunkhiza kamodzi n'kutseka. Zimene anatiuza ndizilemba mmene ndinazimvera.

“Ichi si chamba cha masamba chimene mumachidziwa. Ochipanga amachotsa mphamvu ya m'chomeracho n'kuiunjika pamodzi, masamba n'kutaya. Nthawi zina zimaoneka ngati uchi chonchi, nthawi zina ngati phula, nthawi zina ngati mafuta wamba. Ena amazisuta m'timapaipi ta batire tija tonunkhira zipatso, ena amadontheza m'kamwa, ena amaika m'maswiti ndi m'makeke. Vuto lake, pa kabotolo ngati aka palibe angakuuze mphamvu yake, ngakhale wogulitsayo, ndipo sitidziwa china chimene anasakanizamo. Komanso chodya chimachedwa. Munthu amaona ngati palibe chikuchitika, amawonjezera, kenako zonse zimamugwera pamodzi ndipo zimatenga nthawi kuti zichoke.”

Anatembenukira kwa ine. “Iwe ukanatiuza Lolemba, tikanadziwa choyang'anira, sitikanataya nthawi ndi makoswe. Ukanagwa pamsewu m'malo mwa pakhonde, kapena ukanasanza uli chigonere wekha, bwenzi tikunena zina.” Kenako anayang'ana asisi. “Ndipo akanakhala mwana wanu wamng'onoyo, mayi, nkhani yake ikanakhala yoopsa kuposa apa. Mwana akamva kuti uchi, amanyambita.”

Asisi anamanga chitenje bwinobwino n'kutuluka, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anthu a m'yadi yoyandikana nayo anamva zonse zimene anauza amuna awo popanda kufunsa.

Singano ya pamsana ija sinabwere. Anandijambula mutu chifukwa cha kugwa kuja, sanapeze chovuta. Lachitatu madzulo anachotsa diripu ndipo ndinadya phala osasanza. Ndinayenda ndekha mpaka kumapeto kwa wodi ndi kubwerera, nditagwira khoma pang'ono. Lachinayi m'mawa kunabwera mlangizi, bambo wofatsa amene anandifunsa kangapo, m'njira zosiyanasiyana, ngati ndinasutapo chamba kale. Ndinati ayi, ndipo ndi zoona. Ine misala yanga ndi yobadwa nayo, sifuna feteleza. Anaseka, koma anandipatsabe tsiku lobwerera. Ananditulutsa masana a Lachinayi lomwelo, ndipo adokotala analemba kalata yonena kuti matenda anga sanachokere ku chakudya chogula. Atate anaitenga okha kupita nayo kupolisi ndi kwa ahedi tisanafike n'komwe kunyumba.

Ndinkaganiza kuti kutuluka m'chipatala ndiye kuchira. Sizinali choncho. Sabata yoyamba ndinkangogona, thupi lolemera, ndikawerenga ndime imodzi ndinkaiwala poyambira. Sabata yachiwiri ndinakwera minibasi kupita m'tauni, ndipo titafika podzaza anthu mtima unayambanso kuthamanga ngati tsiku lija. Ndinatsika pakati pa njira n'kukhala pa mwala mpaka zitadutsa. Zinachitikanso kawiri, kamodzi m'tchalitchi, kamodzi pa asembule. Sindinabise. Nditabwerera ku chipatala pa tsiku limene anandipatsa ndinawauza, anandiyezanso mtima, anati uli bwino, koma thupi likukumbukira mantha. Mlangizi uja anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono ndi kuwerenga zinthu zimene ndikuziona pafupi mpaka mtima ukhazikike. Poyamba ndinkaona ngati zachibwana, koma zimagwira ntchito. Ndinapitako katatu. Tsopano papita miyezi itatu, ndimagona bwino, ndimasewera mpira, ndipo mayeso a temu ndinakhoza, kupatula masamu amene ndinkalephera ndi kale.

Za alamu sindinena zambiri chifukwa ndi nkhani ya akuluakulu. Kunabwera ankhoswe a mbali zonse ziwiri, anakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lathunthu, ine atandithamangitsira kutali koti ndisamve, ngakhale ndinamva. Alamu anati mafutawo ankawathandiza msana ndi kupeza tulo akafika pa ulendo. Atate anawafunsa chifukwa chake mankhwala a msana amawatcha uchi pamaso pa ana, ndi chifukwa chake anasenda nthochi mayi wosalakwa akuponyedwa miyala. Pakali pano alamu amafikira kwa achibale awo ku komboni ya Nabvutika, ndipo asisi ndiwo adzanene tsiku lobwerera, ngati lilipo. Tikakumana panjira amandipatsa moni wa “Masauso”, osatinso “bwana giledi”. Zimenezo zimandipweteka pang'ono, sindikana.

Amayi anapita kwa Amake Tisa ndi nkhuku yoyera ndi chitenje chatsopano, anagwada pakhomo anthu akuona. Ndinawaperekeza, ndinagwada nawo. Pa anthu onse a m'nkhaniyi, amene ndinawapepesa ndi mtima wonse ndi mayi amenewo ndi mwana wawo basi. Amake Tisa analandira nkhukuyo, koma sanatiuze kuti tilowe m'nyumba, ndipo sindiwaimba mlandu.

Ena onse amene akudikira kupepesa kwanga adikirabe. Ku sukulu ena amanditcha Kachamba. Ndimayankha, chifukwa dzina silitupa. Azimayi ena a ku Mphakati amauza ana awo kuti asayende nane, omwewo amene ana awo anaponda vitumbuwa ndi kuponya miyala, ndipo palibe mmodzi mwa iwo anapita kukagwada. Akuluakulu ena amati ndinaphwanya banja la mlongo wanga chifukwa chosasunga pakamwa, akuti za m'nyumba zimathera m'nyumba. Ine ndimati za m'nyumbazo zinathera pa malata a munthu wina. Amafuna ndinene kuti ndinalakwa kutsegula chikwama cha mlamu. Kudya chinthu chosachidziwa ndiye kunali kupusa, ndavomera, ndipo ndinalipira ndi thupi langa. Koma kusintha uchi ndi shuga, ayi. Sindinama kuti ndinkapulumutsa mwana wa asisi, ine ndinkangofuna kuseka. Komabe kabotolo kaja lero mulibe m'yadi mwathu, ndipo amene anakatulutsa si anthu aulemu aja.

Kwa anzanga ndinena izi, poti n'zimene anandituma. Zinthu zimenezi zafika kuno, sizili ku Joni kokha, ndipo sizinunkha utsi kuti uzizindikire patali. Wina akakupatsa switi, keke kapena kapaipi ka batire kopanda dzina n'kumati ndi zakunja, musiyire yekha. Ngati wadya kale ndipo m'kamwa mwauma, mtima ukuthamanga, miyendo yafooka kapena mantha akugwira popanda chifukwa, usakabisale m'chimbudzi kudikira kuti zithe. Uza munthu wamkulu, pita ku chipatala nthawi yomweyo, ndipo ukafika unene chilichonse chimene chalowa m'kamwa mwako tsikulo, ngakhale chakuba. Ngati chotsala chilipo, pita nacho. Ine palibe nesi anandimenya kapena kundinyoza chifukwa chonena zoona. Mnzako akagwa, mugoneke chammbali ndipo usamusiye yekha, ngakhale akhale wabodza wodziwika ngati ine.

Chilango changa anagamula ndi atate pamodzi ndi ahedi. Ankafuna chochititsa manyazi, chifukwa amadziwa kuti chikwapu ndinachizolowera. Anati temu yonse ndizidzuka m'mawa kukanyamula ndowa ya Amake Tisa pamutu, nditavala yunifomu, kuchokera kwawo mpaka pa geti. Tikafika ndiziima pambali pawo mpaka belu lilire, ndizidya chitumbuwa choyamba anthu onse akuona, kuti aliyense adziwe kuti mulibe poizoni.

Tsiku loyamba ana anadzaza pa geti kudzandiseka. Ndinatula ndowa, ndinatenga chitumbuwa, ndinachikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira, ndinaluma, ndinatembenuza maso n'kudzigwetsa pansi. Atsikana a giledi 8 anakuwa n'kuthawa. Amake Tisa anandimenya ndi chivundikiro cha ndowa pamsana.

“Dzuka, galu iwe, undiphetsa kachiwiri!”

Ndinadzuka ndikutafuna, ndinakuwa kuti amene akufuna kufa mokoma ngati ine afole apa. Ndowa inatha belu lisanalire. Ahedi atamva anawonjezera chilangocho ndi temu ina. Amake Tisa tsopano amakazinga ndowa ziwiri, ndipo anakauza atate kuti mwanayu sanasinthe ngakhale pang'ono, asamukhululukire msanga.